Kuphunzira kuyendetsa 4x4 m'misewu ya kumudzi: munthu ayambire pati?

Woyamba Kumene:
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna kugula galimoto yoti izitha kufika kumidzi nthawi ya dzinja, komanso tsiku lina idzandikweze ku Nyika. Pa tala ndimayendetsa bwinobwino, koma za 4x4 sindidziwa kanthu. Pa YouTube mavidiyo ndi ambirimbiri mpaka mutu kuzungulira. Wina akuti gula snorkel (chipaipi chokokera mpweya wa injini m'mwamba), wina akuti winchi (makina okokera galimoto ndi chingwe), wina matayala akuluakulu. Ndiyambire pati, ndipo zoyenera kuthera bandulo ya intaneti ndi ziti?

Makaniko wa ku Kanengo:
Achimwene, bandulo yanuyo isungeni kaye. Choyamba dziwani kuti magalimoto onse amene anthu amawatchula kuti 4x4 sali ofanana, ndipo malangizo oyenera mtundu wina atha kukuwonongerani mtundu wina.

Zambiri mwa Hilux, Ranger, D-Max, Hardbody ndi Land Cruiser ya 70 zimakoka ndi matayala am'mbuyo okha mpaka inuyo mutalowetsa 4H (matayala onse anayi pa liwiro wamba) kapena 4L (onse anayi pa giya yotsika yamphamvu). Zilibe difu yapakati (difu ndi magiya olola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana), ndiye mukalowetsa, shafiti yakutsogolo ndi yam'mbuyo zimakakamizika kuzungulira mofanana. Pa dothi palibe vuto chifukwa tayala limaterera pang'ono n'kumasuka. Pa tala silingaterere. Mukamakhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa am'mbuyo, mphamvu ija imaunjikana mu transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), chiwongolero chimalimba, ndodo ya 4x4 imakana kutuluka, mapeto ake china chimathyoka. Ndodoyo ikakana musaimenye. Bwererani m'mbuyo mowongoka mamita 10 kapena 20, imasuka yokha.

Prado ndi Land Cruiser zikuluzikulu zija zambiri zimakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse. Zili ndi difu yapakati imene mumaitseka mukafika poipa, n'kuitsekulanso mukabwerera pa tala.

Kenako pali RAV4, X-Trail ndi CR-V. Pa msewu woterera zimathandiza ndithu, koma zilibe 4L, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Kumene inu mukufuna kupitako, 4L ndiye mwini nkhani. Pa Hilux imachepetsa liwiro pafupifupi kawiri ndi theka n'kuwonjezera mphamvu ya kumatayala chimodzimodzi, ndiye mumayenda ngati munthu wapansi osapsereza kilatchi.

Fosholo79:
Ndiwonjezerepo pa za kugulazo. Musakhulupirire sitika ya pathupi kapena kutalika kwa galimoto. Hilux zambiri zochokera ku South Africa ndi zotukuka koma zimakoka ndi matayala awiri okha. Onani nambala ya pa chassis: KUN25 ndi KUN26 ndi 4x4, pamene KUN15 ndi KUN16 si 4x4. X-Trail ya ku Japan chimodzimodzi, NT31 imakoka onse anayi koma T31 ayi. Chosavuta kwambiri n'kugwada pansi. Ngati kutsogolo kulibe difu ndi mashafiti opita kumatayala, wogulitsayo anene zonse zimene anganene, si 4x4.

Mukamaiyesa pitani nayo pa dothi, imani, lowetsani 4L, muone ngati ikulowa ndi kutuluka komanso ngati kagetsi ka pa dashibodi kakuyaka mokhazikika osati kuphethira. Galimoto yambiri yokhala m'tauni imatha zaka 4x4 yake isanalowetsedwepo, ndiye kamota kolowetsera kamauma.

Za Mapu:
Pa funso lanu la pa intaneti, chinthu choyamba kusunga mu foni ndi buku la galimoto yanuyo. Za ku Japan zimabwera ndi buku la Chijapani, koma mukasaka ndi dzina la galimoto, chaka chake ndi nambala ya chassis ija mulipeza la Chingerezi. M'menemo ndi m'mene muli liwiro lolowetsera 4H, kuya kwa madzi amene galimotoyo ingawoloke, malo omangapo chingwe ndi mtundu wa oyilo wa mu difu. Wa pa vidiyo sakudziwa kuti inu muli ndi galimoto yanji.

Mavidiyo ophunzitsa modekha alipo. Andrew St Pierre White wa 4xOverland wayenda kwambiri kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo Ronny Dahl wa ku Australia amafotokoza bwino za mpweya wa matayala ndi kukoka galimoto yotitimira. Sakani mutu umodzi pa nthawi, muonere kawiri, mukayese. Mavidiyo a anthu ouluka ndi galimoto m'matope aja ndi zosangalatsa chabe, eni ake ali ndi ndalama ya difu yatsopano.

Za mapu: Google Maps ili bwino pa misewu ikuluikulu, koma kumudzi itha kukulowetsani m'kanjira ka njinga kapena kukufikitsani pa mlatho umene unakokoloka kalekale, ndipo nthawi imene imalonjeza imakhala yochepa kwambiri. OsmAnd ndi Organic Maps zimalola kusunga mapu a Malawi yense mu foni, zimagwira popanda netiweki. Tracks4Africa ndi yogula, koma mapu ake anapangidwa kuchokera m'njira zimene apaulendo anadutsamo ndi GPS, ndiye nthawi zake zimayandikira zoona. iOverlander imasonyeza malo ogona ndi ndemanga za apaulendo. Onani deti la ndemanga nthawi zonse. Yolembedwa namondwe wa Freddy wa mu 2023 asanagwe ikunena za misewu ina ya kum'mwera imene inasintha.

Mkulu wa ku Nchalo:
Zonsezo n'zabwino, koma aphunzitsi a pa vidiyowo nthawi zambiri amakamba za mchenga ndi miyala. Kuno chotigwetsa ndi dothi lonyowa, ndipo lili mitundu iwiri imene imafuna kayendetsedwe kosiyana.

Katondo, dothi lofiira lija, mvula ikangowaza pamwamba pamaterera ngati sopo koma pansi pamakhala polimba. Simutitimira, mumatsetserekera mu ngalande, makamaka pa msewu wokhala ndi msana pakati. Mankhwala ake ndi 4H msanga, giya yachiwiri kapena yachitatu, phazi lofewa pa moto ndi pa buleki, ndipo khalani pamwamba pa msanawo. Kumbuyo kukayamba kuthawira kumanzere, wongolerani kumanzere komweko pang'ono n'kuchepetsa moto. Mukaponda buleki mwamphamvu mwapereka galimoto ku ngalande.

Makande a kuno ku chigwa cha Shire, a m'madambo ndi a ku chigwa cha Chilwa ndi nkhani ina. Akanyowa amamata m'mizere ya tayala mpaka tayala kusanduka mpira wosalala, kenako amadzaza m'mapiko mwa galimoto mpaka tayala kulephera kuzungulira. Akauma tsiku limodzi pamwamba pamaoneka pouma ndi ming'alu, pansi pali phala. Tsikani mubaye ndi ndodo. Ikalowa kupitirira kutalika kwa mimba ya galimoto yanu, yezani pansi pa difu chifukwa ndiye potsika kwambiri, musalowe. Ngati pali mikwasa ya galimoto ina tsatirani momwemo chifukwa pansi pake ndi potsendereka, pokhapokha ngati mikwasayo ndi ya lole kapena thirakitala. Imeneyo ndi yakuya, difu yanu ikakhala pa msana wapakati matayala n'kumazungulira m'malere.

Woyamba Kumene:
Zikomo akuluakulu. Ndiye matayala ndigule a matope aja a mano akuluakulu?

Mayi Dalaivala:
Ayi achimwene, pokhapokha ngati theka la maulendo anu ndi la m'matope. A mano akuluakulu amachita phokoso pa tala, amatha msanga, amamwetsa mafuta, ndipo pa tala yonyowa amachedwa kuima. Gulani a all-terrain, oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe, okhala ndi zilembo za LT, chifukwa m'mbali mwake ndi molimba, zitsa ndi miyala sizimang'amba msanga. Onse anayi akhale a saizi imodzi ndi mtundu umodzi, sipeya nayo chimodzimodzi. Tayala limodzi losiyana kukula limavutitsa difu ndi transfer case mukakhala mu 4H.

Chachikulu ndi mpweya. Pa tala tsatirani sitika ya pa chitseko cha dalaivala, nthawi zambiri imakhala pakati pa 2.0 ndi 2.5 bar malinga ndi katundu. Pa msewu wa miyala ndi timabampu tonga malata tsitsani mpaka cha m'ma 1.8. Pa mchenga wofewa ngati wa m'mbali mwa nyanja kapena mu mtsinje wouma, 1.2, ndipo mukatitimira mpaka 1.0. Tayala lofewa limatalika pamene likugunda nthaka, ndiye kulemera kumagawikana. Mukatsika pansi pa 1.0 kapena mukakhota mwamphamvu, tayala limavuka pa rimu. Komanso tayala lofewa limatentha mukathamanga, ndiye pa 1.2 musapitirire makilomita 40 pa ola, ndipo mupope musanakwere tala. Ngati geji yanu ndi ya psi, bar imodzi ndi pafupifupi 14.5.

Ndiye ndalama yoyamba ipite ku geji ya mpweya ndi pampu yamagetsi yokhala ndi mano oluma pa batire. Timapampu ta pa soketi ya ndudu tija timatentha tisanamalize tayala lachiwiri. Popopa injini izilira.

Mkulu wa ku Nchalo:
Amayi, pa makande ine ndimatsutsana ndi zotsitsa mpweya kwambiri. Ngati pansi pa matope pali polimba, tayala lolimba pang'ono limaboola n'kukagwira pansipo. Ndiponso mu matope mumabisala zitsa, tayala lofewa limatupa m'mbali n'kung'ambika.

Mayi Dalaivala:
Pa matope osaya ndikugwirizana nanu bambo, 1.8 ndi yokwanira. Koma pa dambo lopanda pansi polimba kuboolako ndiye kumira kumene. Apo 1.4 kapena 1.5 imathandiza, komanso tayala likamapindika limatulutsa matope m'mizere. Ndodo munanena ija ndi imene imauza munthu kuti apa ndi pati.

Makaniko wa ku Kanengo:
Tisanapitirire, kalowetsedwe kake. 4H pa magalimoto ambiri imalowa mukuyenda mowongoka, pansi pa 80 pa ola, mutachotsa phazi pa moto. 4L imafuna muime, muponde kilatchi, kapena muike pa N ngati ndi automatic. Mukamva kukukuta ndiye kuti simunaime kwenikweni.

Ngati matayala akutsogolo ali ndi mahabu otembenuza ndi dzanja, olembedwa Free ndi Lock ngati a pa Land Cruiser 79, tembenuzani onse awiri pa Lock mukangochoka pa tala. Ambiri amalowetsa ndodo mkati, kagetsi n'kuyaka, koma mahabu ali pa Free, ndiye akutsogolo sakukoka chilichonse. Amadzazindikira galimoto itakhala kale pamimba, habu ili pansi pa matope. Mwezi uliwonse yendani makilomita angapo mahabu ali pa Lock kuti oyilo azungulire mu difu yakutsogolo.

China chimene chimadabwitsa oyamba: 4x4 itha kuima chifukwa cha matayala awiri okha. Difu wamba imatumiza mphamvu ku tayala losavuta kuzungulira. Mukadutsa ngalande mopingasa, lakutsogolo kumanja ndi lam'mbuyo kumanzere n'kulendewera, awiriwo azingozungulira pamene ogunda pansi ali chete. Diff lock yam'mbuyo, imene imakakamiza matayala onse awiri am'mbuyo kuzungulira limodzi, ndiyo imathetsa zimenezi. Ilowetseni mutaima kapena mukuyenda ngati wapansi, osati matayala akuzungulira kale, mano ake amabenthuka. Mukadutsa poipapo ichotseni, chifukwa ikakhala yotseka galimoto imakana kukhota.

Za Mapu:
Ndi zala zazikulu za m'manja zikhale kunja kwa chiwongolero. Tayala likagunda chitsa chiwongolero chimabwerera mwamphamvu.

Woyamba Kumene:
Nanga mitsinje? Snorkel ija ndi yofunika?

Fosholo79:
Snorkel imateteza chinthu chimodzi, polowera mpweya wa injini, ndipo imatero ngati molumikiza monse mwamatidwa bwino. Kompyuta ya injini, alternator, mafyuzi, difu ndi giyabokosi zili pomwe zinali. Hilux ya kuyambira 2015 anailembera masentimita 70, Ranger ya T6 masentimita 80, ndipo amenewo ndi madzi odekha, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Phindu la snorkel la tsiku ndi tsiku ndi fumbi, imakoka mpweya wa m'mwamba.

Chifukwa chake timaopa madzi n'chakuti sapanikizika. Injini ya dizilo ikamwa ngakhale kapu imodzi, pisitoni imagunda madziwo ngati khoma, conrod (ndodo yogwira pisitoni) n'kupindika kapena kuboola buloko. Injini ikazima m'madzi musayese kuiliza. Ikokedwe, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Ngati fyuluta yanyowa, ma injector kapena ma glow plug achotsedwe, injini izunguliridwe kuti ilavule madzi, oyilo asinthidwe, kenako ndiye muilize.

Mkulu wa ku Nchalo:
Kawolokedwe. Imani kaye mphindi 10 kapena 15 kuti difu zizizire. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira mpweya wa mkati umanyala, ndiye imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira ndi m'masili. Nthawi yodikirayo muigwiritse ntchito poona madzi. Ngati ndi mtsinje wopanda ng'ona, yendani wapansi ndi ndodo, popita m'mene mudutse tayala lakumanja, pobwera m'mene mudutse lakumanzere. Madzi othamanga amene akukuvutani kuimamo, galimoto nayo aitenga. Masentimita 60 a madzi othamanga amakokolola ngakhale pikiapu, chifukwa thupi la galimoto limayandama ndipo m'mbali mwake ndi ngati chitseko.

Ku Shire ndi mitsinje yothira m'menemo musayende wapansi. Funsani anthu a pamalopo kapena dikirani ina iwoloke muone pamene madzi afika.

Milatho yapansi ya simenti, imene madzi amadutsa pamwamba, ndi yonyenga. Pamakhala ndere, ndipo m'mphepete kumunsi madzi amakumba dzenje. Khalani cha kumtunda kwa madzi. Lowani ndi 4L giya yachiwiri, mawindo otsitsa, liwiro lofanana ndi munthu woyenda mofulumira kuti kutsogolo kupange kafunde kamene kamatsitsa madzi mozungulira injini. Musasinthe giya pakati, madzi amalowa pa kilatchi n'kuyamba kuterera. Mukatuluka pondani buleki pang'ono mukuyenda kuti aume.

Mitsinje yambiri yochokera m'mapiri imadzaza msanga n'kuphwanso msanga. Zikani kamtengo m'mphepete mwa madzi, muone pakatha theka la ola. Kudikira maola atatu n'kotchipa kuposa injini.

Wa ku Rumphi:
Ndayamba mochedwa, koma ndaona mwatchula Nyika. Kuchokera pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, kudzera pa geti ya Thazima, ndipo muwerengere maola osati makilomita. Thirani thanki yodzaza pa Rumphi kapena ku Mzuzu, musadalire kupeza mafuta kutsogolo. Jerikani ya malita 20 ikhalepo chifukwa mu 4L galimoto imamwa pafupifupi kawiri. Kumtundako ndi mamita opitirira 2,000, mpweya ndi wopepuka, ndiye injini yopanda turbo ngati 1HZ ya mu Land Cruiser imafooka ndi kutulutsa utsi wakuda. Si kuwonongeka, tsitsani giya. Nkhungu imagwa mwadzidzidzi, ndipo miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, ndiye batire yofooka ndi ma glow plug akufa zidzakuonetsani m'mawa.

Zitunda ndiye phunziro lenileni, kaya ndi ku Nyika, pa Gorodi pokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, kapena misewu ya m'nkhalango pa phiri la Zomba. Potsika: 4L, giya yoyamba, phazi kutali ndi kilatchi. Injini ndiyo igwire galimoto. Mukaponda kilatchi galimoto imathawa, mukaponda buleki mwamphamvu matayala amasiya kuzungulira ndipo tayala losazungulira siliwongoleka. Kumbuyo kukafuna kupitirira kutsogolo, onjezani moto pang'ono kuti iwongoke, ngakhale mtima ukukana. Pa automatic ikani pa L kapena 1. Pa chitunda chachitali mukamadalira mabuleki okha, mafuta ake amawira, pedulo n'kulowa mpaka pansi.

Pokwera: sankhani giya muli pansi, kawirikawiri yachiwiri ya 4L, ndipo musasinthe pakati. Ikalephera musayese kutembenuka, galimoto yopingasa pa chitunda ndi imene imagubuduka. Pondani buleki, injini izime ili mu giya. Kokani handibuleki, pondani kilatchi, lowetsani rivesi, siyani kilatchi. Masulani handibuleki, kenako buleki pang'onopang'ono, galimoto itsamira pa giya. Onani kumbuyo, matayala akutsogolo akhale owongoka, lizani ndi kiyi osaponda kilatchi. Itsika yokha chambuyo injini ikuigwira. Magalimoto ena atsopano salira popanda kuponda kilatchi, ndiye onani buku lija ndipo muyesere pa kachitunda kakang'ono.

Mayi Dalaivala:
Zimene anena a ku Rumphizi muziyesere mpaka manja azichita okha. Pa chitunda chenicheni mulibe nthawi yokumbukira vidiyo.

Wa ku Rumphi:
Chinanso cha kumapeto kwa dzinja, April ndi May, ndi udzu wautali wa pakati pa msewu. Njere zake zimatseka redieta, singano ya kutentha n'kukwera. Mangani neti kutsogolo, ngakhale chidutswa cha neti ya udzudzu yakutha, muzichikutumula. Choopsa kwambiri ndi udzu wokulungana pa shafiti ndi pafupi ndi ekizozi. Umauma n'kuyaka. Imani pakapita makilomita angapo, sololani ndi waya wopinda, ndipo musaimike galimoto yotentha pa udzu wouma. Chozimira moto chikhale pofikira dzanja osati pansi pa katundu.

Woyamba Kumene:
Nanga ndikatitimira ndili ndekha? Winchi ndi yokwera mtengo kwambiri.

Fosholo79:
Dzina langali likuyankha kale. Mukangomva kuti galimoto yasiya kupita kutsogolo, chotsani phazi pa moto. Sekondi iliyonse imene tayala likuzungulira pamalo amodzi likukumba manda ake. Yesani rivesi modekha m'mikwasa yanu yomwe. Ikakana tsikani muone chagwira n'chiyani. Nthawi zambiri ndi difu kapena chassis zakhala pansi.

Tsitsani katundu ndi anthu, tsitsani mpweya, kumbani pansi pa difu ndi kutsogolo kwa matayala onse anayi kuti pakhale potsetsereka osati khoma. Fosholo ya mpini wautali imafika pansi pa galimoto, khasu limathandiza pa makande olimba. Kenako jeke. Pa matope jeke imamira, ndiye nyamulani thabwa lochindikala masentimita 5, mbali zake masentimita 30. Kwezani tayala limodzi limodzi, ikani miyala, nthambi kapena zidutswa za njerwa pansi pake, tsitsani, pitani ku lina. Musalowe pansi pa galimoto ili pa jeke. Jeke yaitali ya Hi-Lift ndi yabwino m'manja mwa woidziwa, koma mpini wake ukaphonyeka umaswa nsagwada, ndipo mabampa a pulasitiki a masiku ano alibe poigwiritsa.

Winchi imafuna mtengo wolimba kutsogolo kwanu. M'dambo mulibe.

Makaniko wa ku Kanengo:
Pa zokokana pano ndi pamene anthu amafa, ndiye ndinene mosapsatira. Chingwe sichimangidwa pa mpira wokokera ngolo. Mpirawo unapangidwira kukoka kosalala, ukagwedezedwa umaduka pa khosi n'kuuluka ngati chipolopolo kulowa pa galasi la galimoto inayo. Timphete topyapyala ta pansi pa magalimoto a ku Japan nato ayi, ndi tomangira galimoto mu sitima ya pamadzi. Pamafunika zokowera zomangidwa pa chassis ndi mabauti olimba.

Snatch strap ndi lamba wotamuka, nthawi zambiri wa mamita 9, ndipo wa matani 8 ndi woyenera pikiapu. Amagwira ntchito ngati legeni. Wokokayo asiye lamba wofooka mamita awiri, anyamuke ndi 4L giya yachiwiri modekha, wotitimirayo naye akuthandiza ndi matayala ake. Ikakana kawiri, bwererani ku fosholo, musawonjeze liwiro. Ma shackle, zitsulo zonga U zolumikizira lamba ku galimoto, akhale olembedwa mphamvu yake pathupi, monga matani 4.75. Mukamanga bwezani kachitsulo kake pang'ono kuti kadzamasuke. Musalumikize malamba awiri ndi shackle, lamba akaduka chitsulocho ndi chimene chimauluka. Ponyani bulangete kapena thumba lonyowa pakati pa lamba, ndipo anthu onse, makamaka ana amene amathamangira kudzaonerera, aime kutali kuposa kutalika kwa lambayo.

Ngati wobwera ndi thirakitala ndi tcheni, tcheni sichitamuka. Achikoke mpaka chilimbe kaye, kenako pang'onopang'ono. Akagwedeza, chassis imapindika.

Mkulu wa ku Nchalo:
Pali zina zimene mu vidiyo ya ku Australia simudzazipeza. Anyamata a m'mudzi akabwera kudzakankha, gwirizanani mtengo ndi mmodzi wowaimira ntchito isanayambe, ndipo mmodzi yekha ndiye azilamula. Asakankhe kumbuyo kwenikweni kwa tayala, miyala munaika ija imauluka. Musazembe matope podutsa m'munda mwa munthu, chimanga chimenecho ndi chakudya cha chaka chonse ndipo nkhani yake ikathera kwa amfumu. Pemphani kaye. Nthambi zoika pansi pa tayala nazo zili ndi mwini.

Timilatho ta mitengo: anthu onse atsike awoloke wapansi. Suzumirani pansi muone mitanda ikuluikulu ngati chiswe sichinadye, ndipo matayala adutse pamwamba pa mitandayo osati pakati pa matabwa. Mmodzi aime kutsidya azikulozerani ndi manja. Giya yoyamba ya 4L, osaima pakati.

Za momwe msewu ulili lero, wodziwa ndi wa kabaza wa njinga yamoto, dalaivala wa ambulansi ya pa chipatala chaching'ono, kapena wa lole yogula mbewu. Funso lake lisakhale lakuti msewu uli bwanji, adzati uli bwino chifukwa njinga yake yadutsa. Funsani kuti galimoto yomaliza yadutsa liti ndipo inali yamtundu wanji.

Za Mapu:
Onjezanipo ulosi wa zanyengo wa nthambi ya boma yoona za nyengo, amaulengeza pa wailesi ndi pa Facebook. Mvula yogwa kumapiri imadzaza mtsinje kumene kuli dzuwa. Khalani ndi simu ya TNM ndi ya Airtel yomwe, pena imodzi imagwira inzake itafa. Musananyamuke uzani munthu njira yanu ndi ola limene ayambe kukufunani. Ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, kumene amayang'anira ndi African Parks, funsani pa geti misewu yotseguka chifukwa ina amaitseka dzinja, ndipo m'menemo simutuluka m'galimoto kukakumba mwachisawawa, mumaimba foni n'kudikira.

Mayi Dalaivala:
Katundu wolemera, madzi, mafuta ndi zitsulo, akhale pansi komanso kutsogolo kwa ekiselo yam'mbuyo, womangidwa. Padenga paikidwe zopepuka zokha. Majerikani anayi padenga amasandutsa kamtsetse kam'mbali kosaopsa kukhala ngozi.

Pa timabampu tonga malata pali liwiro lina, cha m'ma 60 kapena 70, pamene galimoto imaleka kunjenjemera. Imatero chifukwa matayala akungogunda nsonga za timabamputo, ndiye kugwira nthaka kwachepa. Chepetsani musanafike pokhota, ndipo dziwani kuti ABS, imene imaletsa matayala kusiya kuzungulira mukaponda buleki, pa miyala yosagwirana imatalikitsa poimira. Mashoko amatentha, ola lililonse imani muwapumitse, muone ngati sakudontha, muyese manati a matayala.

Woyamba Kumene:
Ndalemba zonse. Ndiye ndikaigula ndiyesere kuti?

Wa ku Rumphi:
Pafupi ndi kwanu, masana, ndi galimoto yachiwiri ya munthu wodziwa. Pezani pokumbidwa dothi la msewu kapena kamsewu ka m'munda mwa wachibale, mutapempha. Tsiku loyamba 4H, 4L ndi mahabu basi, mumve kusiyana kwake. Tsitsani mpweya ndi kupopanso muone nthawi imene zimatenga. Sinthani tayala pa dothi ndi jeke yanuyo, mudzapeza kuti sipanala ya manati ndi yaifupi kapena chotsitsira sipeya palibe. Kenako kachitunda kaja. Ku Nyika koyamba mupite chilimwe, August kapena September, dzinja lidikire chaka chinacho.

Makaniko wa ku Kanengo:
Ndipo mukabwerako ntchito sinathe. Tsukani pansi matope asanaume, makamaka mkati mwa marimu, chifukwa matope ouma mbali imodzi amanjenjemeretsa chiwongolero pa tala mpaka munthu kuganiza kuti china chathyoka. Redieta itsukidwe kuchokera kumbuyo ndi madzi opanda mphamvu, tizipsepse take timapindika. Mabuleki am'mbuyo a dramu amasunga matope, atsegulidwe. Masulani bauti yothirira oyilo pa difu zonse ziwiri ndi pa transfer case, lowetsani chala. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka muli madzi, asinthidwe sabata yomweyo, mabering'i sadikira. Popani girizi m'timabowo ta pa shafiti mpaka wakale atuluke. Fyuluta ya mpweya igogodeni pang'ono, musaiuzire ndi pampu yamphamvu, pepala lake limabooka fumbi n'kumalowa mu injini.

Ngati munathira dizilo wa m'zigubu panjira, pansi pa fyuluta ya mafuta pali kokhetsera madzi. Masulani, popani kapampu ka pamwamba mpaka patuluke dizilo woyera, mangani. Pa injini za common rail ngati 1KD ndi 2KD za mu Hilux kagetsi ka fyuluta kakayaka muime pomwepo mukhetse, chifukwa madziwo akafika ku ma injector mtengo wake uposa matayala anayi munagula aja.